Miyala Yokwanira Mayiko Onse

Anamukhazika pampando wakutsogolo, pafupi ndi maluwa, kuti makamera amuone bwino. Mayi wamasiyeyo anafumbatira chikwama pamiyendo. M'katimo munali suti yakuda, yositasita, yoti akaveke mtembo wa mwamuna wake.

Mwamunayo anali woyendetsa chombo chopita ku mwezi, ndipo mtima unamuima ali komweko. Anzake anabwerera ndi chombocho milungu itatu yapitayo. Milungu itatu yathunthu, anthu inu, mayiyo akungopondaponda pa ofesi ya eni chombocho ngati wofuna ntchito!

"Madokotala akadauyeza mtembowo, mayi," ankatero bwana wamkulu, mano onse pamtunda. "Mwambo ukangotha tikambirana."

Mwambowo ndi umenewu. Miyala ya ku mwezi inkagawidwa kwa mayiko khumi ndi awiri, ena oti chaka chathachi ankalozana mfuti. Akazembe ankabwera mmodzimmodzi, kulandira bokosi lagalasi ndi manja awiri, kenako kukumbatirana ndi mdani wadzulo. Nduna inalalikira za mtendere mpaka thovu kukamwa. Dzina la malemu inalitchula kamodzi, molakwitsanso.

Mayiyo ankawomba nawo m'manja bokosi lililonse likamaperekedwa. Akanatani? Kunyumba apongozi ake, nkhalamba yosaona, anali atalumbira kuti sadya zolimba mpaka atagwira nkhope ya mwana wawo ndi kumuika m'manda. Tsopano anali atatsala mafupa okhaokha.

Anthu atabalalika, bwana uja anangoti zii, osaonekanso. Mayiyo anatsata khonde mpaka kuchipinda chakuseri, komwe anapeza bambo wa gawuni loyera akupukuta sikelo. Ameneyu ndiye ankawerengera kulemera kwa chilichonse chokwera m'chombo.

"Pepani bambo, kosungira mitembo ndi kuti? Ndadzatenga amuna anga."

Bamboyo anasiya kupukuta. "Kodi sanakuuzeni?"

"Andiuze chiyani?"

"Chombo chija chili ndi malire, mayi. Ponyamuka ku mwezi sichilola ngakhale kilogalamu imodzi yowonjezera. Miyala yomwe tinawerengera poyamba inkakwanira mayiko asanu basi, ndipo enawo anali atayamba kale kuwopseza."

"Nanga lero yakwanira bwanji onse?"

Bamboyo anayang'ana pansi.

"Malo anapezeka, mayi. Makilogalamu makumi asanu ndi awiri, kulemera kwa mtembowo. Bwana wamkulu analamula pa wailesi kuti amuna anu atsale komweko, pampando pawo alongedzepo miyala."