Mano a Amayi Magalita

Amayi Magalita anamasula mfundo ya chitenje chawo, natulutsamo chimanga chokazinga. Ndinali nditangowaveka mano atsopano m'chipinda changa chogwirira ntchito.

Kawiri konse ndinawakonzera mano oikirira a pulasitiki wa akiriliki, ndipo kawiri konse anasweka pakati ngati galasi. Ulendo uno ndinasakaniza akirilikiyo ndi pulasitiki wina wotchedwa polima wosinthidwa, wokhala ndi timadontho ta mphira, kuti mng'alu ukayamba uzithera pomwepo. Mwana wawo Lenia ankakwatiwa Loweruka ku Chiparamba, ndipo amayiwa anali atalumbira kuti sakaonekerako ndi nkhama zokha.

"Amayi, mwina tiyambe ndi nthochi," ndinatero motsitsa mawu.

"Nthochi? Adokotala inu, paukwati pali nyama ya mbuzi!"

Anaponya chimangacho m'kamwa. Kukutu! Ine ndinatsinzina. Kukutu, kukutu!

Atameza, anavula manowo n'kundipatsa. Ndinawaunika pazenera. Panalibe mng'alu ngakhale umodzi.

"Sanasweke, amayi! Sanasweke!" Ndinafuula mpaka ndinadzichitira manyazi.

"Ndiye bweretsani kuno, ndiyeserere kuseka kwa Loweruka."

Anawavala naseka mokweza, chitenje chimene ankaphimbira pakamwa chili pamiyendo.