Nyumba ya ku Kenya ya Amalume

"Nyumba ya ku Kenya ija ndi yanga! Malemuwa anali amalume anga enieni," anatero Ampofo akumenya patebulo. Mwezi unali usanathe chiikireni maliro kwawo mumzinda wa Kumasi.

Afrakoma, mkazi wa malemuyo, anatulutsa mapepala a nyumbayo n'kumupatsa.

"Tenga, mwanawe."

Ampofo sanawawerenge n'komwe. Maso ake anali pachithunzi chimene chinali pamapepalapo, cha khonde loyang'ana kunkhalango ya nyama. Pofika Lachisanu anali atagulitsa takisi yake, atabweza makiyi a nyumba ya lendi, ndipo anabwera kudzatsanzika atavala chipewa chonga cha mlenje.

"Ndikukakhazikika komweko, mayi. Ndizikatenga azungu kukaona mikango m'mawa, njovu madzulo. Mukandifuna muziyamba mwaimba foni."

"Mikangoyo uzikaiona mothamanga," anatero Afrakoma akusenda chinangwa. "Nyumbayo amalume ako anaigula pamodzi ndi anthu ena makumi asanu ndi mmodzi. Aliyense amagonamo sabata imodzi pachaka, kenako n'kutuluka."

Ampofo anavula chipewa chija.

"Sabata imodzi? Nanga yathu ndi iti?"

"Ya chaka chino? Ndi ija unathera kundilalatira pamaliro."