Mayeso a Ntchito pa Laputopu ya Amalume

Panali munthu wina dzina lake Tiwale Kalekeni, wa ku Ntcheu, amene ankakhala kwa amalume ake, a Maclean, ku Kijitonyama mumzinda wa Dar es Salaam. Odziwa nkhaniyi akuti inachitika mu Ogasiti chaka chatha. A Maclean anali ndi malole onyamula katundu kuchokera padoko kupita ku Lilongwe. Tiwale anaphunzira yekha kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ankasaka ntchito yogwirira kunyumba.

Tsiku lina mayi wina wodzitcha Natalie anamulembera pa intaneti, kunena kuti akufunira antchito kampani ya ku Ulaya. Anacheza pa vidiyo, koma kamera ya mayiyo inali yozimitsa. Kenako anamutumizira mayeso: pulogalamu yoti aiike pa kompyuta ndi kukonza zolakwika dzuwa lisanalowe.

Laputopu ya Tiwale, pokhala yakale, inakana. Anathamangira ku ofesi ya amalume ake ku Ubungo, napeza mlembi wawo, Anitha, namufotokozera za Natalie ndi mayeso ake.

"Achemwali, ndibwerekeni ya abwana pang'ono chabe."

"Iwe, mmenemo muli WhatsApp ya amalume ako ndi mapepala onse a katundu. Munthu wobisa nkhope ukumukhulupirira bwanji?"

"Makampani akunja amatero. Ndikachedwa atenga wina."

Anitha anamumvera chisoni, namupatsa. Tiwale anaika pulogalamuyo, nakonza, natumiza. Palibe chachilendo chimene chinaoneka.

Lachinayi lotsatira, a Maclean anadabwa kuti lole ya feteleza sinamveke kuti yadutsa Morogoro, tauni ya panjira yopita ku Lilongwe. Anaimbira dalaivala wawo, a Erick, Tiwale ali pomwepo.

"Muli pati, a Erick?"

"Ku Mikocheni, mu Dar es Salaam momwe muno, bwana. Katundu ndatsitsa m'mawa, monga munanenera."

"Ndinanena ine?"

"Munalemba pa WhatsApp kuti ulendo wasintha, ndikatsitse m'nyumba ina yosungira katundu. Nambala yanu, chithunzi chanu."

"Osandiimbira bwanji?"

"Bwana, mumatiuza nokha kuti wamkulu sabwereza mawu. Ndikanayamba lero kukufunsani kawiri?"

A Maclean anakwera bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, kupita ku Mikocheni, Tiwale natsala akutsegula mayeso aja mzere ndi mzere. Pansi penipeni anapeza malamulo obisika otumiza kunja zonse za mu laputopu. Atamufufuza Natalie, dzina lake linali litafufutidwa.

A Maclean anabwerera ku ofesi nkhope ili gwa. Nyumba ija anaipeza yapululu, thumba ngakhale limodzi mulibe. Anayang'ana Anitha.

"Laputopu iyi imakhala m'manja mwako. Wandigulitsa kwa ndani?"

Anitha anangowerama, osatchula munthu. Tiwale anaimirira.

"Amalume, achemwaliwa anandiletsa. Ndine ndinaikamo pulogalamu ya akuba aja."

A Maclean anatembenukira kwa Tiwale, nati: "Ndinalonjeza mlongo wanga kuti ndidzakusunga ngati mwana wanga. Ukamufotokozere wekha. Mawa ukwera lole ya a Erick. Ikupita kumudzi yopanda kanthu, malo ndi ambiri."

Phunziro: Wolemba ntchito weniweni sabisa nkhope, ndipo sakuthamangitsa. Musaike pulogalamu ya mlendo pa kompyuta imene ikudyetsa banja. Inunso abwana, lolani antchito anu akufunseni kawiri. Tumizirani nkhaniyi achinyamata onse amene akusaka ntchito pa intaneti, asanagwe m'mbuna yomweyi.