Mapiritsi Oteteza Maselo

"Kupatula mankhwala athu, mayiwa akumwanso china kunyumba?" adafunsa dokotala wa khansa.

Mwamuna wa mayiwo adatulutsa botolo m'thumba la jekete. Kwa miyezi isanu, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ankasiya mapiritsi awiri pambali pa kapu ya mkazi wake. Mnzake wina adamuuza kuti amateteza maselo a m'thupi kuti asawonongeke.

Dokotala adawerenga pabotolopo, n'kupumira m'mwamba.

"Kuteteza amatetezadi. Koma maselo a khansa nawo ndi akatswiri podzitchinjiriza. Ife tikulimbana nawo kuno, inu mwina mukuwapatsa chishango kunyumba."

Miyezi yonseyi, tsitsi la mkazi wake likuthothoka, bamboyo ankadyetsa mdani ndi manja ake.

Atatuluka, mkaziyo adamugwira mkono.

"Bambo, musadzizunze. Ndinamwa tsiku loyamba lokha, ndinasanza."

"Nanga mabotolo amatha bwanji?"

"Ndimakwirira m'chitini cha duwa lija la pawindo."

Bamboyo adalikumbukira duwalo. Dzulo lomwe ankadandaula kuti m'nyumba monse ndi lokhalo limene likunenepa.