Nkhope ya Mao-sheng, Nambala ya Wina

Panali munthu wina kudziko lakutali, mumzinda wa Chiayi, dzina lake Tseng Mao-sheng, wokonza madenga a konkire odontha. Nkhaniyi ndinaimva kwa mlamu wake, ndipo akuti ndi yoona.

Mao-sheng anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri. Anthu ankamupeza pongouzana okha. Koma TV ya mawaya itafika m'nyumba zonse, mafoni anayamba kuchepa. Aliyense ankaimbira amisiri amene ankawaona pa kanema pakati pa mapulogalamu a nyimbo.

Tsiku lina akudya mpunga wa nkhukundembo pamsika, panabwera bambo wina wovala suti, amene anati dzina lake ndi Fang.

"Bwana Tseng! Mmisiri ngati inu osaoneka pa TV? Anyamata osadziwa n'komwe kugwira bulashi ya phula akukulandani chakudya pakamwa. Ine ndimajambula malonda. Theka la mtengo, chifukwa ndi inu."

Mao-sheng atafika kunyumba, anauza mkazi wake, Hsiu-chin.

"Bambo a Pei-ling, ofesi ya a TV si iyi ili kuseri kwa positi? Pitani mukafunse ngati akumudziwa munthuyu."

"Iwe, munthu wandipatsa khadi lake, lolembedwa bwinobwino."

"Khadi? Nanenso mawa nditha kukadinditsa langa loti ndine dokotala."

Mao-sheng sanamvere. Analipira madola zikwi makumi asanu n'kusaina mapepala atatu osawerenga. Fang anamujambula ataima pa denga, atavala malaya atsopano, akunena kuti, "Ndine Tseng Mao-sheng. Denga ndikaligwira ine, silidonthanso."

Malondawo atatuluka, banja lonse linaunjikana pa TV. Linali tsiku lachisangalalo. Koma Hsiu-chin analoza m'munsi mwa kanemayo.

"Nambala imeneyo si yathu."

Mao-sheng anaimbira Fang.

"Aa, musadandaule bwana. Imeneyo ndi ya ofesi yathu. Inu mumakhala pamwamba pa denga, foni muyankha bwanji? Atsikana athu azilandira n'kumakupatsirani."

Sabata imeneyo anamupatsadi ntchito ziwiri, mtima wake unakhala pansi. Kenako kunangoti zii.

Chimene sankadziwa n'chakuti mafoni ankabwera ambirimbiri. Fang ankatumiza anthu ake m'makomo, makamaka a okalamba, n'kumati, "Tatumidwa ndi Bwana Tseng." Ankalandira ndalama zonse, kupaka denga penti wamba wobiriwira m'malo mwa phula, n'kumapita.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera namondwe. Mvula inagwa masiku atatu.

Itangokata, pakhomo pa Mao-sheng panafika madala ena, a Kuo, amene anapuma ntchito ya njanji. Ananyamula chibenthu cha siling'i m'jumbo.

"Ndiwe uja wa pa TV?"

"Eya, bambo, koma..."

"Mkazi wanga sayenda. Ichi chamugwera pabedi ali chigonere. Pano ali kuchipatala. Ndinakukhulupirira chifukwa nkhope yako imaoneka ya munthu wolungama."

"Bambo, ine kunyumba kwanu sindinafikeko."

"Nanga amene amalankhula pa TV paja ndi mphaka wanga?"

Tsiku lomwelo anafika enanso asanu ndi awiri. Foni ya Fang inali yozima. Pamalo pamene panalembedwa pa khadi paja Mao-sheng anapezapo sitolo yogulitsa nsomba zoweta.

Anathamangira ku ofesi ya a TV.

"Chonde, zimitsani malonda aja. Anthu akuberedwa m'dzina langa!"

Mlembi anatsegula faelo. "Pepani bambo, nthawiyi inagulidwa ndi kampani ina, osati inu. Apa munasaina kuti akhoza kugwiritsa ntchito chithunzi chanu mmene angafunire. Kuti tichotse, pafunika kalata ya apolisi."

Kupolisi anamuuza kuti dzina la Fang linali lopeka, ndipo kampaniyo inalembetsedwa m'dzina la munthu wina wogona kusiteshoni, wosadziwa kanthu. "Tifufuza. Koma inunso musachoke m'tauni muno, odandaula onse akutchula inu."

Kalata ija inatenga masiku khumi ndi anayi. Masiku onsewo, kasanu pa tsiku, Mao-sheng ankadziona akumwetulira pa TV, akuitana anthu ena kuti aberedwe. Anayesa kuima pamsika ndi chikwangwani chochenjeza anthu, koma mayi wina anamuthira madzi otsukira nsomba. Hsiu-chin sananene kuti "ndinakuuzani". Anangosolola waya wa TV kukhoma. Sizinathandize. Mawu a mwamuna wake ankamvekabe kuchokera m'nyumba za aneba.

Nyumba zoberedwa zinakwana makumi atatu ndi zinayi. Mao-sheng anayamba kuzikonza mwaulere, ndi zipangizo zake. Anakwanitsa zisanu ndi zinayi, ndalama n'kumuthera. Kwa a Kuo anapitako kawiri. Ulendo wachiwiri madalawo anamuyankhira mkati, chitseko chili chotseka.

"Pita. Woti agone pansi pa denga limenelo kulibenso. Tinaika maliro Lachiwiri."

Mao-sheng anakhala pamasitepe nthawi yaitali, chidebe cha phula chili pakati pa miyendo.

Anthu oberedwa aja anamusumira. Khothi linamupeza wosalakwa patapita chaka, koma zimenezo sizinaulutsidwe pa TV. Fang sanapezeke mpaka lero. Mao-sheng anafufuta dzina lake pa galimoto yake n'kuigulitsa. Pano amagwira ganyu kwa kontilakita wina ku Yunlin. Abwana akewo anamuuza kuti mwini nyumba akatulukira, iye aziyang'ana kumbali.

Phunziro: Dzina lako ndi nkhope yako usapereke m'manja mwa munthu amene wangomudziwa dzulo. Funsa ku ofesi yeniyeni, werenga usanasaine, ndipo wa m'nyumba mwako akakuchenjeza, imva. Nawenso wofuna mmisiri, kuoneka pa TV si umboni. Tumizirani uthengawu amisiri onse amene mukuwadziwa, komanso makolo anu okalamba amene amakhala okha.