Zikhadabo za Agogo

"Khomo lomaliza ndi ili," anatero aphunzitsi. "Muli bambo wokalamba wosaona, abale ake anamutaya."

Mtsikana wapampando wa kalabu yothandiza okalamba pasukulu yawo yasekondale anaima n'kuyang'anitsitsa khomolo. Chitsekocho ankachidziwa bwino, koma chaka chinali chitatha osachigogoda.

Anzake akusesa ndi kuchapa, iye anagwada osatulutsa mawu, n'kuyamba kuwenga zikhadabo za agogo akewo, zomwe zinali zitachita kupindika.

"Manja ako ndi ofewa, mwanawe, ngakhale sulankhula," anatero agogowo. "Mdzukulu wanganso amatsogolera anzake othandiza anthu. Ntchito imamuchulukira, n'chifukwa chake sabwera. Ukadzamuona, udzamuuze kuti ndimamunyadira."

Msozi unawagwera padzanja.

"Sendera kuno, mwanawe, unganyowe. Dengali limadontha."