Khola la a Daka

"Ng'ombe zapita kuti, a Daka?" anafunsa Margarida, wilibala ili m'manja.

A Daka anakonza kolala ya shati yawo yatsopano. Chimwalilile akazi awo, mayi wamasiye wa ku Ndake ameneyu ankabwela mlungu uliwonse kudzapala ndowe m'khola mwawo. Iwo, pokhala munthu wa feteleza wa m'sitolo, ndowe ankaziona ngati uve basi. Nanga mkazi angamakuchotsele uve kwaulele ngati sakukufuna? Za ukwati anali atamaliza kale okhaokha mumtima.

"Ndagulitsa zonse ku Petauke, amai," anatelo monyada, akuloza denga. "Taonani malata awo. Sindingakulowetseni m'nyumba yodontha. Kuyambila lelo mwapuma, zonunkha simudzazigwilanso."

Margarida anayang'ana malatawo, kenaka khola lopanda kanthu.

"Bambo, chimanga changa chizidya malata?"

"Koma ine ndimayesa mumabwelela ine."

"Inu? Kodi ndowe zija zimatuluka mwa inu?"

Anatembenuza wilibala yake nkuyamba kupita. Atafika pa mtengo wa mango anaima nkucheuka, ndipo mtima wa a Daka unadumpha.

"Kodi a Luckson kuseli uku, ng'ombe zawo zija akali nazo?"